Kanema Akatha, Musafulumire Kupinda Chinsalu

Adzukulu anga, Loweruka lija ndinalipo pabwalo la sukulu, ngakhale ambiri a inu simunandione. Ndinakhala kumbuyo, patsinde pa mango, chifukwa maso a nkhalamba amagwira bwino chinthu chikakhala patali. Ndinakuonani mukumanga chinsalu choyera pamitengo ya golo, mphepo ikukokera uku inu mukukokera uko, mpaka mtsikana wina anaganiza zomangirira njerwa kumunsi kwake. Ndinaona batire la sola likubwera pa wilibala, mukuliyendetsa mosamala ngati mazira. Anthu anadzaza bwalo kuposa mmene amachitira pamsonkhano wa chitukuko: ana kutsogolo pafumbi, amayi pamikeka makanda ali kumsana, abambo chiimire kumbuyo manja ali m'thumba ngati odutsa, koma osasuntha.

Munaonetsa makanema atatu aafupi, wa mitengo, wa madzi osefukira ndi wa majumbo. Wachitatu atangotha, mnyamata wa pa maikolofoni anati, "Zikomo nonse, tidzaonananso." Makina thii! Chinsalu chinapindidwa, ndipo posakhalitsa pabwalo panangotsala makoko a nzimbe ndi timapepala ta mafilizesi, pamalo omwewo pamene anthu anali atangoonera kuipa kwa pulasitiki.

Pobwerera ndinatsatana ndi amayi awiri a kutsidya kwa mtsinje, iwo patsogolo, ine ndi ndodo yanga pambuyo. Wina ankauza mnzake kuti, "Madzi aja a mu kanema ndi mmene anachitira kudimba kwathu. Koma munaona? Pamene apongozi anakana kudula bango ndi nsenjere, gombe silinagumuke. Pamene panagumuka ndi pathu, polima mpaka m'madzi." Mnzakeyo anavomera, natchula madimba ena atatu amene anapulumuka mwa njira yomweyo. Mawu amenewo anali olemera kuposa makanema onse atatu, koma amene anawamva ndine ndekha ndi achule a m'dambo. Akanayankhulidwa pabwalo paja, mudzi wonse ukanapita nawo kunyumba.

N'chifukwa chake ndakuitanani. Ntchito mwayambayi ndi yabwino, ndipo sindikufuna kukugwetsani mphwayi. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Kanema ali ngati ng'oma: imaitana anthu kuchokera kutali, koma siivina yokha. Woimba ng'oma amene amainyamula n'kumapita anthu atangosonkhana, wapha gule. Inu Loweruka munaitana mudzi, mudzi unabwera, kenako munanyamula ng'oma.

Ine kanema wa pabwalo sindinayambe kumuona lero. Wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno mu 1999, ife tinakula kulibe. Kanema wathu ankabwera pa galimoto ya boma, mwina kamodzi pachaka, chimkuzamawu chili padenga chikulengeza kuyambira masana. Ena anali a zofalitsa nkhani, ena a achikumbi oonetsa kalimidwe ka chimanga, thonje ndi mtedza. Tinkayenda mtunda wautali usiku kukaonera. Nditakula n'kukhala mlangizi wa zaulimi, ndinakhala ine woitana anthu.

Chaka china tinaonetsa kanema wa kudzala mitengo m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri. Anthu anaomba m'manja, amfumu anathokoza, ine mtima unakhala m'malo. M'mawa mwake tinatsitsa mbande zodzaza ngolo ziwiri, ndipo ndinalemba mu lipoti kuti mudzi walandira uthenga. Nditabwererako patatha miyezi itatu ndinapeza timachubu tambiri tili pomwe tinatisiya, kuseri kwa tchalitchi, mbande zitauma gwaa. Zochepa zimene zinadzalidwa, mbuzi zinadya. Ndinapsa mtima, ndinati anthu a kuno ndi aulesi. Gogo wina wamkazi, akusenda chinangwa osandiyang'ana n'komwe, anandifunsa kuti, "Alangizi, munatifunsa kuti tikufuna mitengo yanji? Bulugama wanuyo amamwa madzi, ife chitsime n'chimodzi. Nanga munati adzale ndani, pamunda pa yani?" Ndinasowa choyankha. Kanema anali wabwino, mbande zinali zabwino, chimene chinasowa ndi kukhala pansi. Papita zaka zambiri, koma funso lija likundiyabwabe, ndipo zonse ndikuuzeni lero zachokera pamenepo.

Yambani ndi kudziwa kuti bwalo lili ndi eni ake. Musamangotulukira ndi masipika ngati ogulitsa mankhwala pamsika. Pitani kwa amfumu kudakali masiku, mudzere kwa nduna zawo monga mwa mwambo, muwafotokozere zimene zili mu kanemayo, ngati n'kotheka muwaonetse pa foni. Uzani aphunzitsi aakulu, akuluakulu a mipingo ndi a kumzikiti kuti alengeze. Mukamva kuti m'mudzimo mwagwa maliro, imitsani, ngakhale batire litadzaza kale. Yambani mdima ukangogwa, koma musanatero funsani amayi nthawi imene amakhala atapakula, chifukwa kanema woyamba nsima ili pamoto amaonera ndi abambo ndi ana okha. Malizani msanga kuti atsikana akafike kwawo anthu akuyendabe m'njira. Kanema wa zachilengedwe akabweretsa mimba m'mudzi, chaka chamawa amfumu sadzakupatsaninso bwalo, ndipo adzakhala akulondola.

Kanema alinso ndi nyengo yake ngati mbewu. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mbande yodzala mu Disembala imafesedwa ku nazale cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Kanema wa nazale muonetseni pamenepo. Wa moto wolusa wa m'tchire abwere udzu ukangoyamba kuuma, anyamata osaka mbewa asanatulutse machesi. Wa madzi osefukira abwere mu Okutobala kapena Novembala, a zanyengo atalengeza mmene mvula ikuyembekezekera, anthu akadali ndi mpata wokonza ngalande ndi kupangana kothawira. Kuonetsa kanema ameneyu mu Febuluwale, madzi ali kale pakhomo, n'kuuza munthu wothyoka mwendo kuti m'njiramo muli dzenje.

Posankha kanema, funani amene munthu wa kuno angadzionemo. Ndinaonapo wa zimbalangondo zoyera zikusowa poponda chifukwa madzi oundana akusungunuka kumpoto kwa dziko lapansi. Ndi zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni, koma mayi amene chimanga chake chapserera ndi ng'amba ya mu Januwale amaonera zimenezo ngati nthano ya kalulu: yokoma, koma ya kutali.

Mverani zimene zinachitika m'mudzi wa Mphunga ku Salima mu 2008. Kumeneko madzi osefukira ankawononga chaka ndi chaka. A Red Cross ndi anzawo sanabwere ndi kanema wopangidwa kale. Anapatsa alimi kamera n'kuwaphunzitsa kujambula, ndipo alimiwo anajambula nzeru zimene anasankha okha. Ina inali yoweta abakha m'malo mwa nkhuku, chifukwa madzi akasefukira nkhuku zimamira pamene bakha amayandama. Ina inali yosunga chimanga m'matumba m'malo mwa nkhokwe, chifukwa thumba umalisenza n'kuthawa nalo kumtunda, nkhokwe sungainyamule. Inanso inali yochenjezana ndi wezulo madzi akayamba kukwera. Kanemayo anakamuonetsa m'midzi ina yovutika ndi madzi omwewo, ndipo oonera anaona alimi anzawo, a nkhope ndi mayankhulidwe onga awo, akufotokoza zimene iwonso akanatha kuchita mawa lake. Nkhani ya bakha ndi yaing'ono, mwina mungaiseke. Koma mlimi amakhulupirira mlimi mnzake wa matope kumapazi kuposa bwana wa tayi, ndipo nzeru imene imalowa m'mudzi ndi imene munthu angainyamule ndi manja ake awiri.

Kanema akhale wamfupi, wa mphindi zisanu kapena khumi. Pali makanema aatali abwino. Uja wa 2019 wofotokoza za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola ndi zida za njinga, atasiya sukulu m'nthawi ya njala ya 2002, ndi woyenera kuti mwana aliyense amuone. Koma ndi wa maola pafupifupi awiri, ndipo akamatha makanda amakhala atagona, amayi akuyang'ana njira. Muusungire tsiku lakelake. Ubwino wa kanema wamfupi ndi wakuti amasiya usiku wokwanira anthu kuyankhula.

Chiyankhulo nacho musachipeputse. Kanema wa Chingerezi wokhala ndi timalemba tothamanga m'munsi amasala aliyense amene sanapite patali ndi sukulu, ndipo ameneyo nthawi zambiri ndiye mwini munda. Kumavidiyo shoo a pamsika kuli anyamata amene amamasulira mafilimu a karate m'Chichewa mpaka anthu kugwa ndi phwete. Luso limenelo ndi lenileni, apempheni akuthandizeni. Muwachenjeze chabe kuti pano asawonjezere zawo, anene zimene zanenedwa. Inunso mukagwira maikolofoni, siyani mawu a ku semina. Gogo wanu akamva "rezilensi" aganiza kuti ndi mankhwala atsopano a nyamakazi. Nenani kuti mvula ikuchedwa, ikabwera ikubwera yaukali, ikadula ikudula pakati chimanga chili ndi ngaiyaye. Zimenezo aliyense waziona ndi maso ake.

Samalani ndi mantha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Zithunzi za masiku amenewo zili m'mafoni ambiri. Musaziike pachinsalu mwachisawawa. Pamikeka paja pangakhale mayi amene mwana wake sanapezeke mpaka lero, ndipo simunamuitane kuti mudzamutsegule chilonda. Mitembo isaoneke pachinsalu chanu, ndipo ngati kanema ali ndi zowawa, chenjezani anthu asanayambe. Dziwaninso kuti mantha amasonkhanitsa anthu msanga koma sagwiritsa khasu. Munthu ukamuopseza kwambiri amangoti, "Ndi masiku otsiriza," n'kukagona.

Choncho kanema wa tsoka azitsatana ndi kanema wa chochita. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, alimi anabwezeretsa mitengo pa mahekitala mamiliyoni angapo osadalira nazale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, mlangizi wina wa ku Australia, Tony Rinaudo, anawalimbikitsa kusamalira zitsa zimene zinali kale m'minda: pachitsa chophukira umasiya mphukira zamphamvu zochepa, zinazo n'kudulira, ndipo chifukwa mizu ndi yakale ndi yozama, mtengo umakula msanga kuposa mbande. Munthu woonera zimenezi amakumbukira zitsa za m'munda mwake zimene amazitentha chaka chilichonse pososa. Sipafunika ndalama kapena galimoto ya bungwe, pamafunika chikwanje chimene ali nacho kale.

Tsopano za munthu amene mudzamulakwire mosavuta. Pagulu lanu padzakhala wootcha makala. Mukumudziwa: amadzuka nkhuku zisanalire, njinga yomangidwa matumba atatu, kukankha pachitunda thukuta lili kamukamu, maso ali kumsewu kuopa kulandidwa. Kanema akamuonetsa ngati mfiti ya nkhalango, ana n'kuyamba kumuloza, adzanyamuka mwakachetechete ndipo sadzabweranso, chonsecho iyeyo ndiye amadziwa phiri kuposa nonsenu. Sindikuti kudula mitengo n'kwabwino. Phiri likameteka, mvula siipeza masamba ndi mizu yoichedwetsa kuti ilowe pansi, imathamanga pamwamba n'kukokolola nthaka, akasupe amaphwa, mchenga umadzaza mitsinje. Koma funsani kuti makalawo amathera kuti. M'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amapsa m'tauni, m'nyumba za anthu a malipiro. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ngakhale a mbaula za magetsi anatsamira pa makala. Ku Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene mzinda wa Lilongwe umamwa, boma linafika potumiza asilikali kukalondera nkhalango. Mlonda angathamangitse munthu m'nkhalango, koma funso la chimene ana ake adye madzulo limatsala. Muitaneni wamakalayo akhale kutsogolo, mumufunse kuti angasiye atapeza chiyani. Mwina ndi ming'oma ya njuchi, mwina dimba, mwina kuumba chitetezo mbaula imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Yankho lichokere pakamwa pake.

Musanamizenso anthu kuti mvula yasokonekera chifukwa cha nkhwangwa yawo yokha. Zilipo ziwiri, ndipo muzisiyanitse. Kukokoloka kwa nthaka ndi kuphwa kwa kasupe wathu, zambiri ndi za manja athu, ndipo manja athu omwewo angakonze. Koma kutentha kwa dziko lonse, kumene kukuwonjezera ukali wa anamondwe ndi chilala, kwadza makamaka ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi zimene mayiko olemera akhala akutentha kwa zaka zoposa 100. Africa yonse imatulutsa pafupifupi magawo 4 okha pa 100 alionse a mpweya umenewu. Mlimi ali ndi ufulu wodziwa zimenezi, kuti asenze katundu wake yekha, asasenzenso wa ena.

Tifike pamtima pa nkhani. Kanema akatha, chinsalu chisiyeni chili pomwepo, muyatse nyale, mukhale pansi pamodzi ndi anthu. Musayambe ndi funso lakuti "Mwaphunzirapo chiyani?" Limenelo ndi funso la m'kalasi, ndipo munthu wa imvi safuna kuyesedwa mayeso ndi mdzukulu wake. Funsani kuti, "Mwaona chiyani chofanana ndi kuno?" Funsani agogo kuti mtsinje uja unkaphwa mwezi wanji iwo ali ana, ndipo lero ukuphwa liti. Funsani kuti bowa ndi masuku ankazipeza pati, ndipo lero amayenda mtunda wotani. Mukafunsa, dikirani. Anthu akakhala chete, musathamangire kudziyankha nokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yang'aniraninso amene akuyankhula. Pabwalo lililonse pamakhala bambo mmodzi kapena awiri amene akagwira maikolofoni saibweza. Alemekezeni, koma maikolofoniyo muipititse kumikeka. Amayi ndiwo amatunga madzi, amatola nkhuni, amadziwa chitsime chimene chayamba kuphwa, koma ambiri sayankhula pamaso pa apongozi. Ngati zili choncho, agaweni: amayi paokha ndi mtsikana mmodzi wa inu, abambo paokha, achinyamata paokha, kenako gulu lililonse libweretse mawu ake pabwalo. Amfumu muwapemphe mwaulemu kuti ayankhule pomaliza, chifukwa mfumu ikayamba kunena maganizo ake, palibe amene angatsutse. Mmodzi wa inu akhale ndi kope ndi tochi, alembe zonse.

Anthu asabalalike musanagwirizane chinthu chimodzi. Chimodzi chokha, osati khumi. Chikhale ndi dzina la wochitsogolera, tsiku ndi malo. "Tiyeni tisamale chilengedwe" ndi mawu amene sadzutsa munthu m'mawa. Koma "Lachitatu mamawa tikumane pamlatho ndi makasu, tikadzale vetiva pachigwembe chija" ndi pangano, ndipo wosabwera amachita manyazi. Ngati m'mudzimo muli komiti yoyang'anira zachilengedwe kapena yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ntchitoyo ipite m'manja mwawo, musayambitse komiti yanu yopikisana nawo. Ndipo bwereraniko. Pakatha mwezi pitani popanda pulojekita, mukaone ngati vetiva wagwira. Ine ndinalemba lipoti m'malo mobwerera msanga, ndipo mwamva mmene zinathera. Musawerenge ntchito yanu ndi mitu ya anthu amene anabwera kudzaonera. Werengani mitengo imene yapyola chilimwe ili moyo.

Pamene mukuzolowera, yambani kujambula nokha. Foni imene mumajambulira magule a pa TikTok ndi yokwanira. Zojambula sizikusowa. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a banja la Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Nzeru imeneyo siinachokere m'buku la kunja. Kuno kwathu komwe, yang'anani kumene kwatsala mitengo yachilengedwe ikuluikulu: ndi kumanda. Kumeneko nkhwangwa siifika chifukwa mudzi unagwirizana kalekale kuti siifika, popanda mlonda wolipidwa. Ndiye kuti kusunga nkhalango timadziwa. Koma kumanda ndi kudambwe musalowe ndi foni popanda chilolezo cha eni mwambo, ndipo zimene akanena kuti sizijambulidwa, musajambule. Munthu aliyense musanamujambule mupempheni, mumuuze kumene nkhope yake ikaonekere, ndipo aone iye poyamba anthu ena asanaone. Mwana musamujambule popanda kholo. Nawonso makanema a eni, pemphani chilolezo musanawaonetse pagulu.

Fulumirani kwa okalamba. Amene anaona nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1968, n'kudzaionanso itaphwa mu 1995, amadziwa mmene anthu anapulumukira ndi mmene matemba anabwererera. Amene anakwera phiri la Mulanje mkungudza udakali nkhalango akutha, monganso mkungudzawo: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala m'phiri lonselo, chonsecho ndi mtengo wa fuko lathu. Nkhalamba ikapita, imapita ndi mayina a mitengo, a udzu ndi a akasupe. Ijambuleni idakali ndi mawu.

Ndipo musaganize kuti kanema ndi njira yobweretsera nzeru za kunja kwa ife basi. Msewu umenewu ndi wopita ndi kubwera. Mayi Anita Chitaya, mlimi wa m'mudzi wa Bwabwa kufupi ndi Ekwendeni, anayenda mpaka ku America kukayankhula ndi alimi ndi anthu ena a kumeneko za mmene kusintha kwa nyengo kukupwetekera minda ya kwawo, ndipo ulendowo unakhala filimu yotchedwa The Ants and the Grasshopper, yotuluka mu 2021. Mayi wa khasu anakafunsa mafunso kwa eni utsi, maso ndi maso. Mawu a kumudzi angathe kuwoloka nyanja, akajambulidwa moona.

Chotsala ndi chija chimapha magulu ambiri a achinyamata: ndalama. Tsiku lina bungwe lidzakuonani n'kubwera ndi matisheti ndi alawansi. Sikulakwa kulandira, wantchito ayenera kudya. Koma mukangoyamba kugawa ndalama kapena zakumwa kwa anthu kuti abwere kudzaonera, mwawaphunzitsa kuti nkhani ya mtsinje wawo ndi ganyu, ndipo tsiku limene mudzabwere chimanjamanja mudzapeza bwalo lili mbee. Lembani ndalama iliyonse m'kope limene aliyense wa gulu angaliwerenge. Pulojekita isagone kunyumba kwa munthu mmodzi n'kumaonetsa mpira wolipiritsa. Nyengo ya kampeni ikafika, andale adzafuna chinsalu chanu chifukwa chimakoka anthu. Kanani mwaulemu, onse mofanana. Madzi osefukira safunsa mtundu wa nsalu imene munthu wavala, ndipo bwalo lanu likangodziwika kuti ndi la chipani, theka la mudzi lidzatsala kunyumba. Batire likatha ntchito musalitaye kudzala kumene ana amasewera, muli mtovu ndi asidi. Ndipo musanachoke pabwalo, tolani timapepala tija, anthu akuona. Ulaliki umenewo sufuna womasulira.

Ndayankhula zambiri, khosi lauma. Mawu a akulu akoma akagonera, ndiye sindikuti muvomere zonse lero. Ndikupemphani chimodzi, monga ndakuuzani kuti muzipempha anthu chimodzi. Amayi awiri aja ndikuwadziwa, kwawo ndi kutsidya, kupitirira mjigo pang'ono. Mawa dzuwa lisanatenthe, awiri a inu, mnyamata ndi mtsikana, mudzanditenge, foni ili yodzaza moto. Tikaodire, tikakhale pansi, tikapemphe. Akalola, atitsogolere kudimba akationetse pamene bango linagwira gombe ndi pamene gombe linapita ndi madzi, afotokoze okha monga ankafotokozerana m'njira muja. Mphindi zisanu zikwana. Loweruka likubwerali muyambe ndi kanema ameneyo, ndipo akatha, chinsalu chisiyeni. Ine ulendo uno ndidzakhala kutsogolo, pafumbi pamodzi ndi ana, kuti ndimve bwino zimene mudzi udzayankhe.